Tsekani buku kaye: Chifalansa chimayambira pa phatikizo

Teremu yathayi ndinachita manyazi pamaso pa kalasi yanga ya Fomu 3. Tinali pa mutu wa magetsi, ndipo ndinalemba pa bolodi dzina la munthu amene muyeso wa charge unatengera dzina lake, Coulomb. Kenako ndinalitchula monga ndakhala ndikulitchulira chiyambireni ntchito: "Ko-lo-mbu." Mtsikana wina wokhala kumbuyo anabisa nkhope m'kope. Makolo ake anachokera ku Congo, ndipo kunyumba kwawo Chifalansa ndi chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku. Belu litalira anabwera mwaulemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pepani, dzina lija lili ndi maphatikizo awiri basi. Inu mwaika atatu. M ndi b aja satchulidwa." Ndiye analitchula: "ku", kenako "lo" wotulukira m'kamwa ndi m'mphuno nthawi imodzi, milomo osatseka.

Chimene chinandikhudza n'chakuti mwanayu sanayambe ndi malembo. Anayamba n'kuwerenga maphatikizo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza nkhaniyi, ndipo ndafika pa maganizo amene ndikufuna ndikuuzeni lero. Aphunzitsi a Chifalansa andikhululukire polowa m'munda mwawo.

Maganizo ake ndi awa. Ambiri mwa inu mumathawa Chifalansa mukangofika posankha maphunziro, mukuti n'chovuta, anzanu amakusekani mukatsegula pakamwa. Ine ndikuti vuto lagona pa khomo limene timalowera. Timalowera pa malembo, n'kumawerenga ngati Chingerezi. Tikanalowera pa maphatikizo, tikanaona kuti munthu woyankhula Chichewa ali kale ndi zida zambiri zimene mwana wa ku London alibe.

Phatikizo m'maso mwa munthu wa Physics

Mukukumbukira ku Sitandade 1, eti? Ba, be, bi, bo, bu. Mwa-na. Chi-ma-nga. Amene aja ndiwo maphatikizo. Koma phatikizo silikhala papepala pokha. Ndi chinthu chimene mungachiyeze.

Mukamayankhula, mapapo amakankha mpweya kudutsa pa timinofu tiwiri ta pakholingo. Timinofu timeneti timatseguka n'kutsekeka mofulumira, kupitirira pang'ono ka 100 pa sekondi kwa bambo wamkulu, ndi cha m'ma 200 kwa mayi. Imeneyo ndiyo frequency ya liwu lanu. Mukatchula a, e, i, o kapena u, njira ya mpweya imakhala yotsegula ndipo liwu limatuluka ndi mphamvu zambiri. Mukatchula p, t, s kapena k, milomo kapena lilime zimatchinga njirayo ndipo mphamvu zimatsika. Jambulani mawu akuti "chimanga" pa foni, muwaike m'pulogalamu yaulere monga Audacity kapena Praat. Muona timapiri titatu totsatizana. Kaphiri kalikonse ndi phatikizo, ndipo pansonga pake pali liwu lotsegula.

Ntchito yoyeza mawu chonchi inakulira ku France komweko. Mu 1857, Édouard-Léon Scott de Martinville analembetsa makina otchedwa phonautograph, amene ankakanda mafunde a liwu papepala lodetsedwa ndi mwaye. Kenako wansembe wina, Jean-Pierre Rousselot, anayamba kuyeza mpweya wa m'kamwa ndi wa m'mphuno mwa anthu akamayankhula, ndipo mu 1897 anapatsidwa labotale ku Collège de France. Ndiye musadabwe kuona mphunzitsi wa Physics akulowerera nkhani ya katchulidwe. Paja mawu ndi mafunde.

Lamulo loyamba likuchokera pomwepa: m'Chifalansa, liwu lotsegula lililonse limene lamveka ndi phatikizo limodzi. Werengani zimene khutu lamva, osati zimene diso laona. Mawu akuti eau, kutanthauza madzi, ali ndi malembo atatu koma liwu ndi limodzi, "o". Mawu akuti beaucoup ali ndi malembo 8 koma maphatikizo ndi awiri: bo-ku. Oiseaux, mbalame, malembo 7, maphatikizo awiri: wa-zo.

M'munsimu ndizilemba katchulidwe m'njira yoyandikira Chichewa. Liwu lotulukira m'mphuno ndiliika kachizindikiro pamwamba, monga ã ndi õ. Liwu la u wa Chifalansa, limene ndifotokoza bwino kutsogoloku, ndililemba ü. Choncho Coulomb ndi ku-lõ.

Mpeni umadula pati?

Malamulo ogawira mawu ndi ochepa, ndipo ndiwasonyeza ndi mawu a m'kalasi mwathu momwe.

Lembo lopanda liwu likakhala limodzi pakati pa maliwu awiri, limapita kutsogolo, kukayamba phatikizo lotsatira. Vitesse, liwiro, ndi vi-tes. Physique ndi fi-zik. Température ndi tã-pe-ra-tür. Palibe chachilendo apa, ndi momwe timachitira ndi ma-ta-ba kapena u-fa.

Akakhala awiri, kawirikawiri mumadula pakati pawo. Pascal ndi pas-kal. Énergie ndi e-ner-zhi, zh ameneyo akumveka ngati sh wokhala ndi liwu la pakhosi. Partir ndi par-tir.

Koma wachiwiriyo akakhala l kapena r, ndipo woyamba ndi monga p, b, t, d, k, g, f kapena v, nthawi zambiri awiriwo amayendera limodzi. Tableau, bolodi, ndi ta-blo. Électricité ndi e-lek-tri-si-te. Taonani kuti m'mawu omalizawa malamulo onse atatu akugwira ntchito: l wapita kutsogolo, k ndi t alekana, t ndi r agwirana.

Malembo ena amalembedwa awiri koma liwu ndi limodzi, ndiye simungawadule. Ch amamveka ngati sh, ph ndi f, th ndi t wamba, ndipo gn ndi ny wathu wa mu "nyama". Machine ndi ma-shin. Montagne ndi mõ-tany. Lembo likabwerezedwa, monga ss, tt kapena pp, nthawi zambiri limamveka kamodzi. Masse ndi phatikizo limodzi, mas. Chenjerani ndi cc wotsatiridwa ndi e kapena i, chifukwa ameneyo ndi maliwu awiri: accélération ndi ak-se-le-ra-syõ.

Chomaliza, i, ou ndi u akatsatiridwa ndi liwu lina lotsegula, kawirikawiri amafupika n'kukhala ngati y kapena w wathu. Fourier ndi fu-rye, maphatikizo awiri. Lavoisier ndi la-vwa-zye, atatu. Lumière, kuwala, ndi lü-myer. Kodi mesa ife timatero ndi "mwana", "fwifwi" ndi "dyera"? Pakamwa pathu panazolowera kale.

Malembo ogona tulo

Chimene chimakhumudwitsa ophunzira ambiri ndi malembo olembedwa koma osatchulidwa. Paris ndi pa-ri. Ils parlent ndi il-parl, ent yense uja ali chete. Ampère pakamwa ndi ã-per. Mumadzifunsa kuti, nanga anawalemberanji?

Yankho ndi mbiri. Malembo ambiri a kumapeto ankatchulidwa kalekale. Pakamwa pa anthu panasintha, kalembedwe kanatsalira m'mbuyo. Ena anachita kuwonjezedwa ndi anthu ophunzira pofuna kusonyeza kuti mawuwo anachokera ku Chilatini. Doigt, chala, amatchulidwa dwa, ndipo g uja akukumbutsa mawu a Chilatini akuti digitus. Choseketsa chili pa mawu a Physics akuti poids, kulemera, amene amatchulidwa pwa. Anaikamo d poganiza kuti anachokera ku pondus, pamene gwero lake lenileni ndi pensum. Ndiye kuti kwa zaka mazanamazana ana a sukulu akhala akulemba lembo limene linalowa molakwitsa. Bungwe la Académie française, limene linakhazikitsidwa mu 1635 n'kutulutsa dikishonale yake yoyamba mu 1694, linasunga ambiri mwa malembo otere.

Poyambira, gwirani izi. Malembo s, t, d, x, z ndi p akakhala kumapeto kwa mawu, kawirikawiri amagona. Malembo c, r, f ndi l kawirikawiri amakhala maso, monga mu avec, mer, neuf ndi Pascal. Alipo ophwanya lamuloli, monga blanc, gentil ndi aneni othera ndi er ngati parler, amene ndi par-le. Amenewo mumawagwira mmodzimmodzi, ngati momwe mumagwirira zitsulo zosamvera malamulo ku Chemistry.

Palinso e wopanda kachizindikiro, amene amabwera n'kusowa. Kumapeto kwa mawu amakhala chete, koma amadzutsa lembo la pambuyo pake: petit amathera pa ti, petite amathera pa tit. Pakati pa mawu amagwa ngati kugwa kwake sikuunjika malembo opanda liwu ambiri. Samedi ndi sam-di. Koma mu vendredi e amakhalabe, chifukwa akachoka ndiye kuti d, r ndi d agundana. Katswiri wina, Maurice Grammont, anatcha zimenezi lamulo la malembo atatu opanda liwu. N'chifukwa chake dzina la Becquerel, amene analandira mphotho ya Nobel ya Physics mu 1903 pamodzi ndi Pierre ndi Marie Curie, mumalimva ngati be-krel.

Pamene mipata imasowa

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani. Papepala, mawu aliwonse ali ndi mpata kumanzere ndi kumanja. M'mpweya mulibe mipata imeneyo. Mfalansa akamayankhula sagawa maphatikizo motsata mawu amodziamodzi. Amatenga gulu lonse la mawu n'kuligawa ngati ndi mawu amodzi aatali.

Tengani il arrive. Papepala ndi mawu awiri. Pakamwa ndi i-la-riv. L wa mawu oyamba wasamukira ku mawu achiwiri, motsata lamulo lija lakuti lembo limodzi pakati pa maliwu awiri limapita kutsogolo. Avec elle ndi a-ve-kel. Une amie ndi ü-na-mi. Afalansa amati enchaînement, kulumikiza ngati tcheni.

Ndiye pali liaison, pamene lembo logona lija limadzuka likaona liwu lotsegula kutsogolo. Les palokha ndi le. Les amis ndi le-za-mi. Vous avez ndi vu-za-ve. Podzuka limatha kusintha: s ndi x amamveka z, ndipo d amamveka t, choncho grand homme ndi grã-tom. Nambala 6 imasonyeza bwino zonsezi. Payokha ndi sis. Six livres ndi si-livr. Six ans ndi si-zã. Kalembedwe kamodzi, matchulidwe atatu, ndipo chimene chikulamula ndi phatikizo lotsatira.

Si paliponse pamene mumalumikiza. Pambuyo pa et simulumikiza. Palinso mawu ena oyamba ndi h amene amakana kulumikizidwa. Les héros, ngwazi, ndi le-e-ro. Mukati le-ze-ro ndiye kuti mwanena les zéros, maziro. Tangoganizani kunena zimenezo pa mwambo wokumbukira asilikali!

Apa ndi pamene ndikuona kuti kuphunzira ndi maso okha kumatipweteka. Wophunzira amaloweza kuti ami ndi bwenzi, ndipo khutu lake limadikira mawu oyamba ndi a. Pa wailesi akumva za-mi, na-mi, ta-mi. Amaganiza kuti ndi mawu atatu achilendo, basi n'kugwa ulesi, "aaa, amathamanga kwambiri anthu amenewa." Chonsecho mawuwo amawadziwa. Chimene sanauzidwe n'chakuti malire a mawu ndi malire a phatikizo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Zida zimene tili nazo kale

Pierre Delattre, katswiri wa katchulidwe amene anayerekeza Chifalansa, Chingerezi, Chijeremani ndi Chisipanishi, anapeza kuti pafupifupi maphatikizo atatu mwa anayi alionse a Chifalansa amathera pa liwu lotsegula, pamene m'Chingerezi otere sakwana theka. Nanga m'Chichewa? Pafupifupi onse, kupatula m woima payekha wa mu "mphunzitsi" kapena "mtengo". Ndiye mukamva le-za-mi, i-la-riv, vu-za-ve, kayendedwe kake n'kapafupi ndi ka-la-ta kapena ma-se-we-ro kusiyana ndi mawu a Chingerezi monga strengths.

Chida chachiwiri ndi ichi. M'Chingerezi, phatikizo limodzi limamenyedwa mwamphamvu ndipo ena amafooka mpaka liwu lake kusamveka bwino. M'Chifalansa é amakhalabe é, i amakhalabe i, kaya ali koyamba kaya pakati. Ifenso sitimeza maliwu. Mu "ndinakawaona" liwu lililonse limamveka lonse. Mabuku ena amafika ponena kuti maphatikizo onse a Chifalansa amatenga nthawi yofanana. Akatswiri atayeza ndi makina, monga anachitira Peter Roach mu 1982, anapeza kuti sizifanana ndendende. Monga munthu wa sayansi ndiyenera kukuuzani zimenezo. Koma mfundo yothandiza wophunzira ikadalipo: musameze phatikizo lililonse.

Chida chachitatu ndimachikonda kwambiri chifukwa mutha kuchiyesa pompano. Ng'ambani kapepala kakang'ono, mukagwire patsogolo pa milomo. Nenani "pala". Kapepala sikagwedezeka kwenikweni. Nenani "phala". Kauluka. Ife timasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, ndipo tanthauzo limasintha. Mngerezi akamayamba mawu ndi p, t kapena k amatulutsa kamphepo kaja, ndipo amavutika zaka kuti akasiye akamaphunzira Chifalansa. P, t ndi k wa Chifalansa ndi wa mu "pala", "tola" ndi "kana". Paris amayamba ngati "pala". Thé, tiyi, ndi te wamba, osanyengedwa ndi h uja. Inu muli nazo kale, bola musadutsire ku Chingerezi.

Misampha yathu

Sindikunamizani kuti zonse n'zofewa. Chichewa chimatitcheranso misampha, ndipo ndaiona inayi.

Woyamba ndi umene unandikola ine. M'Chichewa m ndi n amamatirira ku lembo lotsatira: nkho-ndo, chi-mba-la-ngo-ndo, nyu-mba. Ndiye tikaona Ampère timadula a-mpe-re, tikaona Coulomb timati ko-lo-mbu. M'Chifalansa, m kapena n akatsatira liwu lotsegula n'kutseka phatikizo, iye mwini satchulidwa. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti liwu lija lidutsenso m'mphuno. Kumbuyo kwa denga la m'kamwa kuli kanyama kofewa kamene kamatseka njira ya kumphuno. Kakatsika, mpweya umagawikana pawiri. Yesani: nenani "o" wautali, mutsine mphuno, liwu silisintha. Ameneyo ndi beau. Tsopano lolani mpweya udutse m'mphuno, lilime osaligunditsa paliponse. Mukatsina mphuno liwu lisintha. Ameneyo ndi bon. Musamalize ndi ng' wa mu "ng'ombe". Koma n akatsatiridwa ndi liwu lotsegula amapita kutsogolo n'kutchulidwa bwinobwino, monga mu é-ner-gie. Mwaona? Kuti mudziwe ngati n atchulidwe kapena ayi, muyenera kudziwa kaye pamene phatikizo lathera.

Wachiwiri ndi chizolowezi chathu choika liwu pamene palibe. Ndi mmene tinapezera sukulu, sitolo, tebulo ndi buku, ndipo m'Chichewa palibe cholakwika. Koma force ndi phatikizo limodzi, fors. Mukati fo-ro-si mwapanga atatu, ndipo womvera akusakasaka mawu a maphatikizo atatu amene kulibe.

Wachitatu ndi pokokera. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo. Mvetserani bwino mukamati "ndikupita kumsika", si uja amatalika. Mfalansa amakoka phatikizo lomaliza la gulu la mawu. Paris payekha amakokedwa pa ri. Mu le laboratoire de physique, mawu onse amayenda mofanana mpaka pa zik. Ubwino wake ndi wakuti lingaliro lokoka pothera gulu tili nalo kale. Chofunika n'kungosuntha phazi limodzi kutsogolo.

Wachinayi ndi l ndi r. Kwa ife kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo. Kwa iwo lire ndi kuwerenga, rire ndi kuseka. Lit ndi bedi, riz ndi mpunga. R wa ku Paris amapangidwira kumbuyo, pafupi ndi pamene mumagogomolera madzi amchere mukadwala zilonda zapakhosi. Musade nkhawa mukalephera kumufikira. Anthu ambiri oyankhula Chifalansa mu Africa muno amamutchula ndi nsonga ya lilime ndipo amamveka. Chachikulu n'chakuti asafanane ndi l.

Chitoliro cha masentimita 17

Chichewa chili ndi maliwu otsegula 5. Chifalansa chili ndi oposa 12, kutengera dera. Apa Physics ya Fomu 3 imathandiza kwambiri.

Kuchokera pakholingo kufika pamilomo, bambo wamkulu ali ndi njira yotalika pafupifupi masentimita 17. Itengeni ngati chitoliro chotseka mbali imodzi. Mukudziwa kuti resonance yoyamba ya chitoliro chotere imabwera pamene wavelength ndi kanayi kutalika kwake, ndiye kuti mamita 0.68. Liwiro la phokoso mumpweya ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Gawani 340 ndi 0.68, mupeza 500 Hz. Zotsatira zake zimabwera pa 1500 Hz ndi 2500 Hz. Mukasuntha lilime kapena milomo, mumasintha maonekedwe a chitolirocho ndipo manambala amenewa amasuntha. Khutu limamva kusunthako ngati a, e kapena i. Ndi zomwe zimachitika mukamauzira pakamwa pa botolo la Fanta: mukathiramo madzi, liwu limakwera.

Ndiye u wa Chifalansa, wa mu Curie ndi lumière, mumamupeza bwanji? Nenani "i" wautali. Lilime lisasunthe ngakhale pang'ono. Tsopano tulutsani milomo ngati mukufuna kuimba mluzu. Mwatalikitsa chitoliro n'kuchepetsa khomo lake, resonance yatsika, ndipo liwu limene latuluka ndi ü. Silinabwere mwa matsenga, ndi lilime la i ndi milomo ya u. Ndipo kusiyanitsaku n'kofunika. Rue ndi msewu, roue ndi gudumu. Dessus ndi pamwamba, dessous ndi pansi. Mu labotale, munthu akakuuzani poika botolo la asidi, simungafune kusokoneza awiriwa.

Zimene otsutsa anganene

Mnzanga wina wa ku stafu anandiuza kuti, "Achimwene, mayeso ambiri ndi olemba. Mwana akataya nthawi ndi pakamwa, masipelo amuthawa." Nkhawa yake ndi yomveka. Ndipo n'zoona kuti polemba pali kagawidwe kena. Mukafuna kudula mawu kumapeto kwa mzere, appeler amadulidwa ap-pe-ler, pamene pakamwa ndi a-ple. Kagawidwe ka papepala nakonso kayenera kuphunziridwa. Koma taonani kuti ngakhale masipelo amatsamira pa phatikizo. Chifukwa chiyani timalemba j'espère ndi è koma espérer ndi é? Chifukwa mu es-per phatikizo latsekedwa ndi r, ndipo liwu latseguka kwambiri, pamene mu es-pe-re phatikizo lathera pa liwu. Wodziwa maphatikizo saloweza tizizindikiro timeneti mwachimbulimbuli. Ndipo pa dikiteshoni, amene sadziwa liaison adzalemba z pamene palibe.

Maganizo oyamba ndi pakamwawa si anga ayi. Mu 1886, ku Paris, Paul Passy ndi aphunzitsi anzake a ziyankhulo anayambitsa gulu limene linadzakhala International Phonetic Association. Cholinga chawo chinali chomwechi, chakuti ana aziyamba ndi maliwu a chiyankhulo asanalimbane ndi kalembedwe kake. Tizilembo tachilendo timene mumationa m'dikishonale pafupi ndi mawu tinachokera kwa iwo. Muzitiwerenga, musamatidumphe.

Wina anganene kuti, nanga tivutikirenji kuyankhula ngati a ku Paris? Ndikugwirizana naye. Ku Marseille amatchula e amene a ku Paris amamudumpha. Ku Montréal, ku Dakar ndi ku Kinshasa aliyense ali ndi kamvekedwe kake, ndipo onsewo ndi eni chiyankhulo. Chifalansa ndi chimodzi mwa ziyankhulo zogwirira ntchito za SADC, ndipo amene mudzakumane nawo ambiri adzakhala a ku Lubumbashi kapena Antananarivo. Sindikufuna kuti mutaye liwu la kwanu. Ndikufuna kuti mukanena mawu a maphatikizo awiri atuluke awiri, ndipo wina akalumikiza mawu atatu khutu lanu lithe kuwamasula.

Nanga m'kalasi la Physics tizitchula bwanji coulomb ndi ampere? Monga mayina a miyeso, tipitiriza kuwatchula momwe amatchulidwira m'Chingerezi, poti ndicho chiyankhulo cha mayeso athu. Koma ndikamanena za munthuyo, André-Marie Ampère amene anabadwa mu 1775, ndimayesetsa kumutchula dzina lake lenileni. Inunso simukondwa mlendo akamapotoza dzina la agogo anu. Ndiponso SI imene mumalemba tsiku ndi tsiku ndi chidule cha mawu a Chifalansa, Système international d'unités, dongosolo limene linavomerezedwa mu 1960. Chifalansa mwakhala mukuchigwira m'manja osadziwa.

Ntchito ya sabata ino

Tengani mawu awa: pression, fréquence, les électrons, un atome, deux aimants. Musanayang'ane paliponse, lembani m'kope kuti mukuganiza kuti alionse ali ndi maphatikizo angati ndipo mpeni ukudula pati. Imeneyo ndi hypothesis yanu. Kenako pezani munthu woyankhula Chifalansa, kaya mphunzitsi, kaya mnzanu, kaya dikishonale ya pa intaneti yokhala ndi mawu omveka. Tsekani buku, mvetserani katatu, muziomba m'manja pa phatikizo lililonse. Mukatero yerekezani ndi zimene munalemba. Pamene mwaphonya, funsani kuti ndi lamulo liti limene linakudutsani. Ndikupatseni yankho limodzi lokha: les électrons ndi le-ze-lek-trõ, anayi.

Ine ndimachita zimenezi Lachitatu lililonse pa nthawi yopuma. Mtsikana uja amanditchulira mawu asanu, ine n'kumaomba m'manja ngati mwana wa Sitandade 1, anzake akuseka pawindo. Sabata yatha ndinakhoza anayi. Amene anandigwetsa ndi deux aimants, ndipo ndikufuna ndione ngati inu mumuthe.